Lole Imene Inasowa Poima

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Msana uja ukukuvutanibe? Nanga mwendo umene munapweteka mutagwa kubafa, kutupa kunaphwa? Kuno mpongozi wanu ndi mdzukulu wanu ali bwino. Ine thupi lilibe vuto, koma mutu ndiye sukugwira.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanga simukuyankha. Achemwali akuti ikalira mumangoiyang'ana, kenako n'kuwauza kuti aichotse patebulo. Sindikudandaula, inenso ndikanatero. Magalasi anu owerengera ali kuno, ndiye ndikudziwa kuti okuwerengerani kalatayi ndi achemwali omwewo. Achemwali, chonde werengani zonse, musadumphe mzere, ndipo kuseka mukasekere panja.

Bambo, Lachisanu lija munayenda maola asanu ndi limodzi pa lole, ndi katundu wanu yense, kudzakhala nafe. Munafika pakhomo panga, lole inasowa poima, ndipo munamva ndi makutu anu munthu akunena kuti ine ndinati galimoto imeneyo sindikuifuna pakhomo panga. Munabwerera osatsika n'komwe.

Mawuwo ndinanenadi, sindikana. Ndikungopempha kuti mumve mmene ndinafikira powanena, ngakhale inenso ndikamaifotokoza nkhaniyi imandisokonekera pakati.

Ntchito yanga simunaimvetsepo bwinobwino. Mumauza anthu kuti ndili kukampani yosamutsa katundu, iwo n'kumaganiza kuti ndimasenza mafiriji. Ayi, ine ntchito yanga ndi yosunga malo. Mumzinda muno msewu uliwonse ndi wodzaza magalimoto mbali zonse ziwiri, pena ngakhale njinga imasowa polowa. Lole ikabwera osaikonzera malo imaima pakati pa msewu, ndipo apolisi apamsewu sachedwa kuithamangitsa.

Ndiye kampani imapempha chilolezo kukhonsolo, kenako ine ndi mnzanga wina, timamutcha Ndevu, timapita kutatsala masiku atatu. Timayeza ndi tepi, n'kuimika chikwangwani poyambira ndi china pothera. Pa zikwangwanizo pamalembedwa tsiku ndi maola amene munthu sayenera kuimikapo galimoto. Zikaima masiku atatu athunthu, wosamvera galimoto yake imakokedwa. Koma zikachoka ngakhale tsiku limodzi, apolisi sakoka galimoto ya munthu, amati vuto ndi lanu.

Pepala limene amatipatsa m'mawa silikhala ndi mayina. Pamakhala msewu, nambala ya nyumba, tsiku ndi mamita basi. Kaya munthuyo akuchoka kaya akubwera salemba, chifukwa kwa ife malo ndi malo.

Komabe zaka khumi ndi chimodzi pantchito zimakuphunzitsa kuwerenga mamitawo. Makumi atatu ndi ofesi yonse, madesiki ndi makabati. Khumi ndi asanu ndi banja, ana ndi njinga zawo. Asanu ndi atatu ndi kalole kakang'ono, katundu wa munthu mmodzi. Ndevu amakatcha kachisudzulo, chifukwa tikamakachotsa zikwangwani nthawi zambiri timaona wotsala uja akusuzumira pawindo ndi maso ofiira. Nthabwala imeneyi ndakhala ndikuiseka kwa zaka.

Lachiwiri m'mawa ndinayang'ana papepala n'kuona msewu wathu, nambala ya nyumba yathu, Lachisanu, mamita asanu ndi atatu. Poyamba ndinakondwa kuti ndigwira ntchito pafupi ndi kwathu. Tinayeza, tinaimika zikwangwani, Ndevu akuimba mluzu. Anandifunsa kuti akusiyidwa ndani m'nyumba mwathumo. Ndinati mwina aphunzitsi a pansanjika yachitatu, poti iwowo akayamba kukangana mbale sizipulumuka. Tinaseka mpaka tepi kugwa pansi.

Mukanatsika mukanaona kuti nyumba yathu ndi yosanja, ya makomo makumi awiri. Ndinafunsa oyang'anira nyumbayo kuti akusamuka ndani. Anati khomo lopanda munthu palibe, ndipo palibe banja limene lanena kuti likutuluka. Ndinawerengera ndekha. Wobwera palibe, poti alibe polowa. Banja lochoka palibe. Chotsala ndi munthu mmodzi kutuluka pakhomo pamene ena akutsala.

Mtima wofuna kudziwa za eni unandikulira. Madzulo ndinakanyengerera mayi wa padesiki kuofesi kwathu. Ndi watsopano, sadziwa kumene ndimakhala. Anati mayina a makasitomala saulula, koma anaphimba zina zonse ndi dzanja n'kundionetsa pakompyuta nambala ya khomo yokha. Inali 14. Bambo, khomo 14 ndi langa.

Sindikukumbuka mmene ndinakwerera basi tsiku limenelo.

Apa ndiyenera kuvomera kanthu. Ine ndi mpongozi wanu tinali titatha miyezi tikulankhulana za mchere ndi sopo basi. Gwero lake linali nkhani yanu, koma ine sindinkazilumikiza. Chimwalirireni amayi, iye ankandifunsa kuti bambo tikawatenga liti, ine n'kumati tiona. Mutagwa kubafa anafunsanso, ndinatinso tiona. Si kuti sindinkakufunani ayi. Ndinkaopa masitepe athu, ndinkaopa kuchepa kwa nyumba, ndinkaopanso kuti ndikakuitanani mukana, ine n'kutsala ndi manyazi. Tsiku lina anandiuza kuti tiona wangayo wamutopetsa, ndipo adzangochita zimene waganiza. Kuchokera pamenepo anasiya kufunsa.

Ndiye taganizani, munthu amene anauzidwa mawu amenewa afike kunyumba n'kupeza makatoni mukhonde. Kachipinda kathu kakang'ono kaja, kamene ndimasungamo mawayilesi akufa, kanali kosesedwa. Mawayilesi anga onse anali m'katoni imodzi payokha. Ndinati basi, mkazi wanga wayamba kupatula zake ndi zanga.

M'kabati ndinapeza nsalu zapabedi zatsopano, zikadali m'pepala lake, za bedi la munthu mmodzi. Foni yake ikalira ankapita nayo kukhitchini n'kutseka chitseko. Ine ndinkaima mukhonde nditagwira nsapato m'manja, osadziwa kuti ndilowe kapena ndituluke.

Chimene chinandizunguza mutu kwambiri n'chakuti anali wosangalala. Lachiwiri lomwelo anaphika mosamala, anavala diresi imene ndimaikonda, n'kumandiyang'ana kumaso ngati akudikira kuti ndinene kanthu. Ine ndinati kameneka ndi kaphwando kotsanzikana. Ndinati mutu ukundipweteka, n'kukagona nditayang'ana kukhoma. Lachitatu nkhope yake inagwa, ndipo tinadya ngati anthu okumana pasiteshoni.

Mufunsa kuti bwanji sunamufunse. Achemwali andifunsa kale kanayi. Ndikudziwa, safunsa anadya phula. Koma ndinkaona ngati ndikafunsa ayankha kuti inde, ndipo kuyambira pamenepo zikhala zoona. Ndikakhala chete, zinali zikadali mamita papepala.

Lachinayi ndikuweruka, dzuwa likadalipo, ndinaima pamsewu n'kuyang'ana zikwangwani zija. Zinali zowongoka bwino, ntchito ya manja anga. Ndinadzifunsa kuti kodi alipo mwamuna wina padziko amene anayezapo ndi tepi malo a lole yodzanyamula mkazi wake? Maganizo anabwera amodzi okha. Lole ikasowa poima, sapakira. Chilolezo china chimatenga mlungu, kuwonjezapo masiku atatu a zikwangwani. M'masiku khumi amenewo mwina pakamwa panga padzatseguka.

Ndinanyamula zikwangwani zonse ziwiri n'kukazigoneka kuseri kwa mabini a zinyalala.

Pansi pa nyumba yathu pali wometa tsitsi, munthu wabwino koma m'kamwa mwake mulibe chitseko. Ali ndi kagalimoto kakale kamene tsiku lililonse amazungulira nako kufuna malo. Ndinamuuza kuti aimike pamenepo, aitanenso mnzake wogulitsa mafoni. Anadabwa, anafunsa ngati kusamuka kwalephereka. Ndi pamene ndinanena mawu aja, kuti galimoto imeneyo sindikuifuna pakhomo panga. Bambo, ndinkanena za lole yopanda kanthu, yodzatenga mkazi wanga.

Lachisanu ndinaimbira kuofesi kuti ndadwala. Ndinavala ovololo, ndinatsanzika ngati ndikupita kuntchito, n'kutsika masitepe kukalowa kwa wometa uja. Ndinkafuna kuona zonse pawindo lake. Kuti ndisaoneke ngati wakuba ndinamuuza kuti andimete, koma asathamange.

Cha m'ma teni koloko lole inatulukira. Inali ya kampani yathu, woyendetsa ndi mkulu wina timamutcha a Pang'onopang'ono. Anachepetsa liwiro, anayang'ana uku ndi uku, zikwangwani palibe, malo palibe. Anaima pakati pa msewu. Ndikuvomera, mtima wanga unavina. Dzuwa linkawala pagalasi lakutsogolo, ndiye amene anakhala pambali pa dalaivala sindinamuone.

Onyamula katundu awiri anadumpha n'kutsegula kumbuyo. Lole inali yodzaza mpaka kudenga.

Lole yodzatenga katundu imabwera yopanda kanthu, zimenezi ngakhale mwana amadziwa. Ndinayang'ana wometa, iye anayang'ana ine. Anthu aja, pofuna kupezerapo mwayi apolisi asanafike, anatsitsa matiresi ndi katoni imodzi n'kuziika m'mbali mwa msewu. Mwambo wathu ndi umenewo, chimene chapakidwa pomaliza ndicho chimatsika poyamba.

Achemwali, apa ndi pamene ndanena kuti musaseke. Nditaona matiresi aja maganizo anga anatembenuka. Ndinati kani sakuchoka, akubweretsa mwamuna wina, ndipo wotuluka ndine. Mawayilesi anga ali kale m'katoni! Ndinaimirira, chinsalu chometera chili m'khosi, mutu utametedwa mbali imodzi.

Panja zinali zitavuta. Kumbuyo kwa lole kunali basi, kumbuyo kwa basi magalimoto osawerengeka, onse akuliza mahutala. Wapolisi anafika panjinga yamoto n'kufunsa kuti zikwangwani zili kuti. Mpongozi wanu anatsika akuthamanga, patapata mmodzi m'manja, akulumbira kuti zinalipo chifukwa anaona mwamuna wake akuziika. Anthu anayamba kuloza kagalimoto ka wometa.

Wometa atamva galimoto yake ikutchulidwa anatuluka ndi makina m'manja. Anakuwa kuti iye asamunamizire, amene anamuuza kuti aimike pamenepo ndi mwini khomo 14, amene ananena yekha kuti galimoto imeneyi sakuifuna pakhomo pake. Ananena kawiri, kuti wapolisi amve bwino. Anaima pafupi penipeni ndi chitseko cha lole.

Ndinatuluka kuti ndikamutseke pakamwa. Windo la lole linali lotsitsa, ndipo ndinakuonani. Munavala jekete ija ya maliro a amayi, chipewa chili pamaondo. Munandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

Bambo, pa mawu onse amene ali m'chinenero chathu, ine ndinasankha kukufunsani kuti mukutani kuno.

Ndinafunsa chifukwa sindinkadziwadi. M'mutu mwanga munali mkazi wochoka, mwamuna wobwera, ndi matiresi, inu munalibemo. Koma ndikudziwa mmene funsolo linamvekera. Munatembenukira kwa dalaivala n'kulankhula naye motsitsa. Wapolisi anali akukupiza dzanja, onyamula aja anatseka kumbuyo n'kukwera, lole inanyamuka.

Ngakhale pamenepo sindinachite mantha. Lole ikathamangitsidwa imazungulira, imakhota kumanzere katatu n'kubweranso. Ndakhala ndikuziona kambirimbiri. Ndinakalipira wometa mpaka anachotsa galimoto, ndinathamangira wa mafoni uja nayenso anachotsa yake. Ndinakafukula zikwangwani kuseri kwa mabini n'kuziimika. Mphindi makumi awiri zisanathe malo anali mbee. Ndinaima pakati pake nditatambasula manja, kuthamangitsa aliyense wofuna kulowapo.

Ndinaima pamenepo mpaka thuu koloko. Lole iliyonse yotulukira pakona ndinkaikweza dzanja. Kenako Ndevu anaimba foni, anati kuofesi amva kuti kasitomala walamula kuti amupititse kwa mwana wake wamkazi, kumzinda wina. Anafunsa ngati matenda anga ndi omwewo.

Zotsalazo ndinazimva pamasitepe, pamene mpongozi wanu anakhala atagwira kumutu. Anati anagwirizana ndi achemwali kuti mubwere, ndipo anasankha dala kampani yathu. Iye ankaganiza kuti papepala langa pamalembedwa dzina la kasitomala. Anati poti pakamwa panga pamalephera kunena kuti inde, anafuna kuti manja anga anene. Ndikaona dzina lanu n'kukaimika zikwangwani, ndiye kuti ndavomera.

Lachiwiri lija anali pawindo. Anandiona ndikuyeza, ndikuseka ndi Ndevu. Pompo anaimbira achemwali, ndipo achemwali anakuuzani kuti mwana wanu wayeza malo anu ndi manja ake, akuseka. Akuti ndi tsiku limenelo pamene munavomera kubweza makiyi a nyumba yanu ija. Nditamva zimenezi nanenso ndinakhala pansi pamasitepepo.

Kusalankhula kwanga kwa masiku atatu iye anakutenga ngati ndavomera monyinyirika, ndiye anati asandiputenso, ndidzazolowera mukafika. Aliyense ankadikira mnzake, m'nyumba ya zipinda ziwiri.

Nditamufotokozera zanga anaseka, kenako analira, kenako anandifunsa funso limene mpaka lero sindinaliyankhe. Anati ndiye iwe unkaganiza kuti ndikukusiya, ndipo chimene unachita n'kubisa zikwangwani kuseri kwa mabini? Akuti sakudziwa ngati akwiye kapena andimvere chisoni. Pakadali pano akuchita zonse ziwiri, mosinthanasinthana.

Kuntchito anandilembera kalata yochenjeza, koma zimenezo n'zazing'ono. Chimene chikundidya ndi zimene a Pang'onopang'ono anandiuza Lolemba. Anati ulendo wonse simunalankhule, simunadye, madzi okha munamwa. Munafunsa funso limodzi lokha, kuti kodi mwana wanuyu ntchito yake amaidziwa? Iwo pofuna kundiyamikira anati amaidziwa kwambiri, zaka khumi ndi chimodzi sanasowetsepo lole poima. Akuti munangogwedeza mutu.

Bambo, dalaivalayo ananena zoona, koma simunamve nkhani yonse. N'zoona kuti sizinali zangozi. Ndinachita dala, koma osati kwa inu. Sindikudziwa ngati zimenezi zikuchepetsa mlandu kapena zikuwonjezera. Ndimati ndikaganiza kuti ndipepese chifukwa cha zikwangwani, ndimapeza kuti kuseri kwake kuli tiona uja. Ndikanakuitanani ndekha chaka chatha, pakamwa poyera, sipakanafunika pepala loti lindilankhulire. Ndachita manyazi, ndipo ndakusowani.

Ndiye ndikunena tsopano, achemwali akhale mboni. Bwerani mudzakhale nafe. Ndikukufunani m'nyumba muno. Masitepe ndawawerenga, alipo makumi atatu ndi anayi, ndipo pakati pali popumira. Tsiku limene mwendo wakana ndidzakuberekani, munandiberekapo inunso. Nyumba ndi yochepadi, koma wayilesi imodzi mwa zakufa zija ndaikonza, ikulankhula.

Matiresi anu ndinawakweza ndekha tsiku lomwelo. Ali pansi m'kachipinda kaja chifukwa bedi lake linabwerera nanu. M'katoni muja muli ketulo yanu, pilo, magalasi, ndi chithunzi cha amayi chokulungidwa m'thawulo. Ndaona kuti zimenezi n'zimene munagwiritsa ntchito mpaka m'mawa womaliza. Chithunzicho ndachiimika pawindo. Achemwali akuti mukugona pasofa, miyendo ikulendewera, ndipo m'mawa mumadzuka mutapindika. Bedi lili uko, matiresi ali kuno, inu muli pasofa. Zonsezi ndi ntchito ya mwana wanu wodziwa ntchito.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Alamu ndawathokoza chifukwa chosunga katundu wanu m'galaja mwawo, galimoto yawo n'kumagona panja. Mpongozi wanu akupereka moni, akuti iyenso analakwa posakuuzani zoona zake, ndipo adzapepesa yekha pamaso. Mdzukulu wanu akufunsa tsiku lililonse kuti agogo anasochera njira kodi. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu m'mwendomo, ndipo afewetse mtima wanu pa ine.

Chomaliza ndi ichi. Ndamva kuti mwauza alamu kuti apeze galimoto yodzatenga matiresiwa. Bambo, mukudziwa tsopano kuti msewu uno woika zikwangwani ndine. Galimoto ikabwera inu muli momwemo, mundiuze tsiku lokha, malo adzakhalapo ngakhale zitafunika kuti ndigone pamsewupo masiku atatu. Koma ikabwera yopanda inu, kudzangotenga matiresi, idzasowanso poima, ndipo ulendo uno ndidzakhala ndikudziwa chimene ndikuchita.

Ndine mzime wanu,
amene akudikira yankho.